Amene Anajambula M'nyumba ya Maliro ku Kabwata

Ana anga, mwandivutitsa kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye ndalemba. Za kumudzi ndi za kusukulu mukafunse atate anu aang'ono, iwo ndiwo satopa kufotokoza za mbuzi. Ine ndiyambira pomwe ndinayamba kudya thukuta langa.

Kumapeto kwa ma 1980

Ndinalembedwa ntchito ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, pakampani yaing'ono yojambula mafilimu ku Heavy Industrial Area mu Lusaka, kuseri kwa nyumba yosungiramo matayala. Tinkajambulira aliyense wobwera: mipingo, mabungwe a zaumoyo, nthawi zina a wailesi ya kanema akafuna pulogalamu yomwe iwo analibe nthawi yoipanga. Mwini kampaniyo anali Ba Sakala, munthu wamfupi, wadazi, wosaseka m'mawa. Anali atagwira kamera zaka zambiri, moti cholakwika pachithunzi ankachiona ndi diso limodzi uku akumwa tiyi. Tsiku loyamba anandifunsa ngati ndimadziwa kujambula. Ine ndi matama anga ndinati ndinajambulapo paukwati wa msuweni wanga. "Chabwino," anatero, "nyamula miyendo iyo." Miyendo itatu yoimikapo kamera ija ndinainyamula zaka ziwiri zathunthu, kumbuyo kwa Ba Mumba, amene anali wojambula wamkulu nthawi imeneyo.

Kamera pakampanipo zinali ziwiri zokha, ndipo lamulo lake linali limodzi: kamera imagwiridwa ndi munthu amene Ba Sakala amupatsa, basi. Woipereka m'manja mwa wina, ngakhale kwa mphindi imodzi, ntchito yatha tsiku lomwelo. Lamuloli silinangochokera m'mutu. Ine ndisanabwere, wina anagwiritsa mnzake kamera, mnzakeyo n'kuigwetsa, ndipo inakhala m'kabati chaka chonse kudikira zitsulo zochokera kunja, kampani n'kutsala pang'ono kutsekedwa. Musaganize kuti zinali zongoopseza. Ndinaona ndi maso angawa Ba Mumba akuchotsedwa ntchito chifukwa pamsonkhano wina wa mpingo anapempha mkulu wampingo kuti awagwirire kamera pomwe iwo ankamanga zingwe za nsapato. Palibe chinasweka. Ba Mumba anali ndi ana asanu, anapepesa mpaka kugwada, koma Ba Sakala anangoyang'ana kukhoma. Lolemba lotsatira kamera ija inapatsidwa kwa ine, ndipo kunena zoona ndinasangalala, ngakhale lero ndimachita nazo manyazi.

M'ma 1990

Zaka zimenezi zinali zosowa chilichonse. Matepi tinkajambulapo mobwereza mpaka zithunzi kuyamba kunjenjemera. Tsiku lina tinapereka kwa a bungwe lina filimu yophunzitsa za kolera, ndiye kumapeto kwake, dokotala atangomaliza kulankhula, kunatulukira akwati akuvina pa tepi yomwe sitinafufute bwino. Ba Sakala sanatilankhule sabata yathunthu. Mabatire ankatha pakati pa ntchito, ife n'kumakoka chingwe kuchokera kubatire ya galimoto. Mababu a nyali zathu akapsa, kupeza ena inali miyezi. Ndiye tinaphunzira kuba dzuwa: thabwa lomatidwa pepala lonyezimira la m'mapaketi a tiyi, wina n'kuliimika m'mbali kuti libwezere kuwala pankhope ya munthu. Ba Sakala ankadana ndi wojambula wothira nyali yonse kumaso kwa munthu. "Iwe Tembo," ankatero, "ukufunafuna wakuba kapena ukujambula munthu? Nkhope yakuda imafuna kuwala kochokera m'mbali, pang'onopang'ono." Zimene ndikudziwa pa kamera ndinazitenga kwa munthu ameneyu, ndipo ndinkamukonda ngakhale ankandiopsa.

Nditakhala wojambula wamkulu, kampani inatichitira lendi nyumba ku Woodlands, ya mpanda, zipinda zitatu. Amayi anu tsiku lolowa anayenda chipinda ndi chipinda akutsegula ndi kutseka mipope. Nyumbayo inali ya ntchito, osati yathu. Ntchito ikatha, makiyi abwerera.

M'zaka zomwezo kunabwera Ba Esnart Phiri. Anayamba ngati wotaipa makalata, kenaka wotenga mawu atachoka, iwo anapempha ntchitoyo. Ndiye kulikonse komwe ndinkajambula, Ba Esnart anali pambali panga ndi ndodo ya maikolofoni, zomvera zili kumakutu. Anali mayi wamasiye wa ana awiri, wokhala ku Kabwata, wolongolola komanso wachipongwe. Ine paja ndine wamtali, ndiye ankanditcha mlongoti wa magetsi. Koma mafunso! "Ba Tembo, n'chifukwa chiyani mwamuika munthuyu kumbali m'malo mwa pakati? Nanga bwanji mwatseka windo ili n'kusiya ilo?" Ndinkawayankha ndi pakamwa pokha, kamera iwo osaigwira ngakhale lamba wake. Tikakhala m'galimoto ankapanga kabokosi ndi zala zawo n'kumayang'aniramo azimayi a kumsika wa Soweto akusenza madengu. Kawiri konse anapempha Ba Sakala kuti awayese pa kamera. Yankho linali lomwelomwelo: kamera ndi yolemera, ndipo zonse ziwiri zili ndi eni ake.

Chaka changa cha khumi ndi chisanu ndi chitatu pantchito, mwezi wa Juni

Tinapatsidwa ntchito yopanga filimu ya pa TV yonena za amayi a mpingo amene amatonthoza anamfedwa m'makomboni ndi m'mayadi a mu Lusaka. Banja lina ku Kabwata, lomwe bambo wake anamwalira, linavomera kuti tijambule. Tinafika m'mawa, kukuzizira koopsa. Mukudziwa mmene maliro athu amakhalira: azibambo panja m'tenti, pamipando, atazungulira mbaula; azimayi m'nyumba, mipando yonse atatulutsa, atakhala pansi mothinana ndi namfedwa. Panja ndinajambula bwinobwino. Koma filimu yathu inali ya amayi, ndipo amayiwo anali m'kati.

Ndinasenza kamera, nyali kudzanja, ulendo wa pakhomo. Pomwepo panaima mayi wina wachikulire, mtsogoleri wa amayi aja, natambasula dzanja. "Ba Tembo, muyenda kuti?" Ndinati banja latilola. "Banja lakulolani, inde. Koma mwamuna m'nyumba ya malilo alowa chogwada, apepesa, atuluka. Imwe mufuna kukaima pamwamba pa amayi olila, na nyali yanu, ola lonse? Iyayi. Ngati ni kujambula, alowe uyu." Analoza Ba Esnart.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Dalaivala wathu anali atapita kukathira mafuta. M'nyumbamo nyimbo inali itayamba kale, ndipo maliro sabwerezedwa kuti wojambula akonzeke. Ndinatsitsa kamera paphewa n'kuipereka. Ba Esnart anandiyang'ana kumaso kaye, chifukwa onse awiri tinkadziwa tanthauzo lake. Kenaka anamanga chitenje, anabwereka duku, nalowa chokwawa ndi maondo, kamera ataifungata. Nyali anaikana. Ine ndinazungulira kuwindo, ndinalowetsa ndodo ya maikolofoni pansi pa katani, n'kuima pamenepo osaona kalikonse. Ndinkadziwa kuti kamera ikangogunda pansi, ndatha. Anakhalamo pafupifupi kotala la ola.

Zimene anatuluka nazo ndinaziona masana ake ku ofesi, tili atatu ndi Ba Sakala. Ana anga, ine ndajambula zambiri, koma zotere sindinajambulepo. Ba Esnart anakhala pansi pakati pa amayiwo, kamera ili pamiyendo, moti woonera umakhala ngati nawenso wakhala pansi pomwepo. Kuwala kunali kwa pakhomo ndi kwa katani yopyapyala ija basi, kukugwa m'mbali mwa nkhope ya namfedwa. Sanathamangire misozi ayi. Anatsata kapu ya madzi ikuyenda dzanja ndi dzanja mpaka kufika kwa mayi wamasiyeyo, amene anaikana, kenaka mayi wina anamugwira chibwano ngati mwana n'kumumwetsa. Tepi itatha, Ba Sakala anati, "Tembo, wakula." Ine ndinati zikomo bwana. Kumapeto kwa filimuyo kunalembedwa kuti wojambula ndi A. Tembo, wotenga mawu ndi E. Phiri. Potuluka Ba Esnart anandinong'oneza kuti, "Zathela pamene apa, Ba Tembo. Imwe muli na ana anayi, ine awili. Tisapute njala."

Okutobala, chaka chomwecho

Chaka ndi chaka bungwe la opanga mafilimu linkapereka mphoto kwa amene ajambula bwino koposa, m'mafilimu ndi pa TV. Kwa ife ogwira kamera imeneyi ndiyo inali nkhani, chifukwa tsiku limenelo lokha ndi pomwe anthu ankakumbukira kuti kuseri kwa chithunzi kumakhala munthu. Kampani yathu inkatumiza mafilimu chaka chilichonse, koma dzina langa linali lisanalowepo. Chaka chimenecho kalata inabwera: A. Tembo ali m'gulu la atatu omaliza, chifukwa cha filimu ya amayi otonthoza, makamaka gawo la m'nyumba ya maliro. Anzanga anandinyamula m'mwamba pabwalo la matayala lija. Ba Esnart nawo anaomba m'manja, ndipo ankaoneka kuti akuomba ndi mtima wonse. Chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri.

Mwambo wa oweruza unali wakuti mwambo wopereka mphoto usanafike, ankaitana atatu aja mmodzimmodzi, kuonera nawo gawo losankhidwalo, n'kumafunsa: munakhala pati, kuwala munakutenga kuti, munaganiza chiyani pamenepa? Ine anandiitana Lachitatu la sabata yachiwiri. Ndinauza amayi anu zonse, chifukwa kufikira tsikulo anali asakudziwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto akusita mayunifolomu anu. "Atate ake Chikondi," anatero, "mwini wake wakupemphani kuti mukhale chete. Simunamubere, wakupatsani yekha. Mukalankhula, ntchito yatha, nyumba ino yapita, ana asintha sukulu pakati pa chaka. Zonsezi chifukwa cha dzina papepala?" Sindinawatsutse, chifukwa ankanena zoona. Ndinati chabwino, ndikayankha oweruza.

Loweruka masana amayi anu atapita kumsika, ndinati ndikonzekere mayankho. Ndinakankhira tebulo kumbali, ndinakhala pansi m'chipinda chochezera, pilo pamiyendo ngati kamera, kuti ndidziwe chimene munthu amaona akakhala pamenepo. Amayi ine! Miyendo yangayi inakana kupindika. Nditambasule, ikufika kukhoma. Ndipinde, maondo akufika kumakutu. Mphindi zitatu zisanathe, dzanzi. Ndiye ndikulankhula ndekha, kuyesa mawu: "Ndinaona kuti kuwala kwa pakatani kukukwanira. Ndinasankha kutsata kapu ya madzi." Pa mawu akuti ndinasankha aja lilime linalemera. Amayi anu anandipeza pomwepo, matumba ali m'manja. "Nanga pansipo mukutani?" Ndinati, "Ndikuphunzira bodza." Sanaseke. Anaika matumba pansi, nalowa kukhitchini, ndipo ndinamva mapoto akulira kuposa masiku onse. Anadziwa kuti ndasintha maganizo ine ndisananene.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinakwera minibasi kupita ku Kabulonga, kunyumba kwa Ba Sakala. M'zaka zonsezo ndinali ndisanapondeko. Ndinawapeza pakhonde atavala kabudula, akudyetsa agalu. Anandipatsa mpando, ine ndinakhala kumphepete kwake.

"Bwana, gawo la m'nyumba ya maliro lija sindinajambule ndine. Amayi anandikaniza kulowa. Ndinapereka kamera kwa Ba Esnart."

Anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya nthawi yaitali. "Tembo, uganiza ndine wakhungu? Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuona zithunzi zako. Iwe umajambula dziko lonse uli chiimire, kuchokera paphewa pakopo. Tepi ija isanathe mphindi imodzi ndinadziwa kuti si iwe. Ndinati wakula kuti utseke pakamwa, ine ndisamve kanthu. Manje wabwela kunyumba kwanga, pa Sande, kudzandiuza ndi pakamwa pako. Ufuna ndichite chiyani?"

"Mulembere oweruza, musinthe dzina."

"Dzina ndisintha, imeneyo si nkhani. Nanga Mumba? Munthu ndinamuchotsa chifukwa cha zingwe za nsapato, ana asanu. Ndimakumana naye m'tauni, amandipatsa moni. Ndikakusiya iwe, ndizimuyang'ana bwanji?"

Ndinati ndikudziwa bwana, ndinabwera ndikudziwa. Kenaka ndinafunsa chimene chinkandiopsa kwambiri: nanga Ba Esnart? "Lamulo ndi la wopereka," anatero. "Wolandira alibe mlandu." Anayang'ana agalu aja, maso atafiira. "Chitsiru iwe. Ndani adzandijambulira manje?" Ndinati mwamuona kale. Anandipatsa miyezi iwiri yoti ndituluke m'nyumba ya ku Woodlands, nandiperekeza mpaka pageti, chinthu chimene ndimva sankachitira aliyense.

Lolemba m'mawa Ba Sakala anaitana onse, nanena mwachidule kuti Tembo wachoka chifukwa chophwanya lamulo la kamera, ndipo kamera yake ipita kwa Esnart Phiri. Ndinkayembekeza kuti Ba Esnart athokoza. Ha! Ananditsatira kuchipinda cha zipangizo, natseka chitseko. "Ndinakupemphani chiyani, Ba Tembo? Ndinakupemphani chiyani? Manje akazi anu azandiona bwanji? Ana anu akazagona na njala azakamba kuti ni Esnart!" Ankalira uku akundikalipira, ndipo kamera anakana kuilandira. Ine ndinangofupikitsa lamba wa kamerayo, chifukwa anali wa msinkhu wanga, ndinawauza kuti batire yachiwiri imanama, imaonetsa yodzaza pomwe yatsala theka, ndinaika kamera patebulo n'kutuluka. Lachitatu kwa oweruza anapita iwo.

Musandiyese ngwazi. Masabata otsatirawo ndinanong'oneza bondo kangapo, makamaka poyendayenda kufunafuna nyumba yotchipa. Tinapeza zipinda ziwiri ku Chelstone, kuseri kwa nyumba ya munthu, mpope wa panja. Kampani zina zinamva kuti ndinachotsedwa chifukwa cha kamera, sizinafunse zambiri. Kuyambira pamenepo mpaka kupuma kwanga ndinakhala wojambula maukwati ndi mapwando, ndi kamera yakale yomwe amalume anu anandithandiza kupeza. Amayi anu masabata amenewo tisanasamuke ankandiphikira, ankandichapira, koma mawu awo kwa ine anali inde ndi iyayi basi.

Novembala, tsiku la mphoto

Mwambowo unachitika Loweruka chakumadzulo, muholo ya hotela ina m'tauni. Ba Esnart anapatsidwa makadi awiri a alendo, ndipo m'malo moitana abale awo anatumiza kwathu. Ine sindinkafuna kupita. Amayi anu ndiwo anatulutsa suti yanga m'katoni, chifukwa katundu tinali titamanga kale, kusamuka kunali Lolemba. "Tiyeni," anatero, "ndikaone chimene chandichotsa m'nyumba." Filimuyo anali asanaionepo, chifukwa tsiku lomwe inaonetsedwa pa TV kwathu kunalibe magetsi.

Tinakhala kumbuyo kwenikweni. Itafika mphoto ya ojambula, anazimitsa nyali n'kuonetsa mphindi imodzi ya filimu iliyonse mwa zitatu zija. Yoyamba inali ya madalaivala a malole akuluakulu, yachiwiri ya madzi osefukira m'komboni nthawi ya mvula. Zonse zinali zabwino, sindinganame. Kenaka panabwera nyumba ya ku Kabwata, pachinsalu chachikulu ngati khoma. Muholo muja anthu ankalankhula ndi kugundanitsa matambula, koma kapu ya madzi ija itayamba kuyenda, phokoso linatha. Ndinamva mayi wina kutsogolo kwathu akufwenthera. Nyali zitayaka, woyendetsa mwambo anawerenga kuti, "Wojambula, Esnart Phiri." Ba Esnart anaimirira atavala chitenje chobiriwira, anthu n'kumatembenuka kuti amuone mzimayi wogwira kamerayo. Ine misozi inangotsika, ndipo sindinaibise.

Kenaka anatsegula envulopu. Mphoto inapita kwa mnyamata wa madzi osefukira uja.

Ndinakhala ngati andithira madzi ozizira. Ntchito ya zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, nyumba, sukulu yanu, zonse ndinazitaya kuti dzina la munthu liwerengedwe kamodzi, iye n'kuimirira, n'kukhalanso pansi manja ali opanda kanthu. Ndinaopa kuyang'ana amayi anu. Ndinati lero ndiye andimaliza, ndipo akhala ndi chifukwa.

Anthu akuombera m'manja wopambanayo, amayi anu anasendera kufupi. "Ine m'nyumba za maliro ndakhalamo zosawerengeka," anatero motsitsa mawu. "Kapu ija nanenso ndinamwetsedwapo, pamaliro a amayi anga. Inu mukanaima kutsogolo uko n'kunena kuti munaona zimenezija ndinu? Mzimayi aliyense muholo muno akanadziwa. Inenso ndikanadziwa, ndipo ndikanakhala nanu m'nyumba ya ku Woodlands ndikudziwa."

Amayi anu anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenaka anandigwira dzanja pagulu, chimene m'zaka zonse za ukwati wathu anali asanachitepo.

"Katoni ya mbale ija mwamanga mwaulesi," anatero. "Mawa muimangenso. Msewu wa ku Chelstone uli ndi maenje."